Tsiku Lotchetcha Kumanda

Ndinkapukuta timakapu tiwiri ta mkuwa pang'onopang'ono, ngakhale tinali titawala kale. Panja achimwene anga a Gyutae ankalimbana ndi makina otchetchera udzu amene anabwera nawo kuchokera ku mzinda wa Daegu. Kunali kutatsala milungu iwiri kuti chikondwerero cha zokolola cha Chuseok chifike, nthawi imene banja lililonse limakwera kumanda kukatchetcha.

"Iwe Dasom, makapuwo ukufuna udzionerepo nkhope? Dzuwa likukweratu ili!"

Ndinalongedza m'dengu makapuwo, botolo la mowa wa mpunga, nsomba youma ndi maapozi atatu. M'thumba la jekete munali kalata ya ku sukulu ya unamwino. Malo anga anandisungira chaka chatha, koma tsopano analemba kuti ndikapanda kuyankha mwezi uno apatsa wina. Chithunzi cha kalatayo ndinali nditawatumizira achimwene pafoni kalekale. Anangoyankha kuti, "Tidzakambirana."

Chimwalirireni amayi zaka ziwiri zapitazo, bambo anayamba kuiwala. Poyamba ankaiwala mpunga pamoto, kenako njira ya kumunda, kenako ine. Ndine ndimawaphikira, kuwasambitsa, ndi kukhoma geti kuti asasochere. Popanda wina wowatenga, sindingapite kulikonse.

Kaphiri ka kuseri kwa mudzi wathu si kakakulu. Ndili mwana ndinkakwera mothamanga osapumira. Ndi bambo pamafunika ola lathunthu.

"Ine ndatsogola," anatero achimwene, makina ali paphewa. "Akamba inu mukandipeza nditamaliza."

Tinadutsa minda ya tsabola, tinalowa m'mitengo ya paini. Bambo anandigwira pachigongono, dengu lili kudzanja linalo. Masitepe khumi, kuima. Masitepe khumi, kuima.

"Make Gyutae, tikupita kuti?"

"Ndine Dasom, bambo. Tikukaona amayi."

"Oo. Aphika?"

"Aphika."

Njira yonse ndinkayeserera mawu mumtima. Achimwene, atengeni bambo kwa zaka zitatu zokha. Achimwene, ndizibwera Loweruka lililonse. Kusukulu aphunzitsi ankati mayankho ndimawadziwa koma amathera pakhosi. Ndinabwereza mawuwo mpaka anayamba kumveka ngati a munthu wina.

Titatsala pang'ono kufika pamwamba ndinazindikira kuti phokoso la makina likuchokera kumanzere. Amayi agona kumanja. Mtumbira wawo ulibe mwala wa dzina, poti tikudikira kuti bambo adzagone pambali pawo, mwala udzakhale umodzi. Kumanzereko kuli mtumbira wa nkhalamba ya kwa a Ok, imene ana ake anasamukira kunja ine ndisanabadwe. Nawonso ulibe mwala.

Tinawapeza achimwene atazimitsa makina, thukuta lili kamukamu, udzu utamatirira m'masaya. Mtumbira wa a Ok unali see, wozungulira bwino ngati mbale yovundikira.

"Taonani bambo! Amayi ndawameta ngati msilikali. Iwe, sukanatha kuzulako ndi pang'ono pomwe? Unali tchire lenilenitu."

Ndinayang'ana kumanja. Kuseri kwa zitsamba, masitepe makumi awiri okha, udzu wa pa mtumbira wa amayi unkagwedezeka. Ndimakwera kuno mlungu uliwonse. Ndimazula timitengo tomera pamenepo, koma udzu sindiukhudza, chifukwa bambo adakali bwino ankati kutchetcha manda ndi ntchito ya mwana wamwamuna. Ndinatsegula pakamwa, koma achimwene anali atalanda kale dengu.

Anayala mkeka, anadula maapozi pamwamba, anaika nsomba, anathira mowa. Anagwada kawiri, chipumi mpaka pansi. Bambo ataona zimenezo anavula chipewa nagwada nawo, mawondo akulira. Podzuka ndinawathandiza. M'maso mwawo munali misozi, ndipo anasisita udzu wometedwawo ndi chikhatho.

Achimwene anakhosomola, nayamba kulankhula ndi mtumbirawo mokweza, monga amachitira akafuna kuti wina amve.

"Amayi, ndabwera ndine Gyutae. Musadere nkhawa. Bambo ali bwino, Dasom akuwasamala. Mpongozi wanu ndi woyembekezera, ndiye kunyumba kwachepa, ntchitonso yandipanikiza. Zasukuluzo Dasom ayambe wadikira kaye, akadali mwana uyu. Sukulu sithawa. Mumudziwa mwana wanu, sadandaula."

Sanandiyang'ane. Anatenga kapu nawaza mowa mozungulira mtumbira, katatu, mosamala.

Kuchokera pamwambapo mudzi wonse umaoneka: madenga khumi ndi anayi, asanu ndi limodzi opanda anthu, minda ya mpunga itayamba kuchita chikasu, ndi msewu umene basi imadutsa kawiri patsiku. Ndinaona denga lathu, ndi zovala za bambo zimene ndinayanika m'mawa. Ndinadziona ndikuziyanika chaka chamawa, ndi chinacho, mpaka tsiku limene mwala uja udzaikidwe. Ndinachita mantha pozindikira kuti tsikulo ndayamba kuliyembekezera.

"Wangoti njo ngati mtengo bwanji?" anatero achimwene akutafuna apozi. "Gwada upereke moni kwa amayi, tizitsika. Ndikufuna ndinyamuke msewu usanadzaze."

"Amenewo si amayi."

Mawu anatuluka aang'ono kwambiri, moti anachita kupendeketsa mutu.

"Ukuti chiyani?"

"Ndati si amayi. Ndi a Ok. Amayi ali uko, kuseri kwa zitsambazo, m'tchire lija. Chaka chathanso ndinachita kukulozerani." Ndinalowetsa manja m'matumba. "Mwawagwaditsa bambo kwa munthu wa eni, ine ndikuonerera, chifukwa ndimaopa kukuyankhani. Nkhani ya moyo wanga mwauza a Ok, ine ndili pompano. Mukuti sindidandaula. Munandifunsapo liti? Sukuluyo ikuthawa, achimwene, kwatsala masiku khumi ndi awiri, ndipo ndikudziwa kuti sindipita, chifukwa madzulo ano mukwera galimoto ndipo ine ndikakhoma geti. Bambo sindiwasiya. Koma musamanene kuti ndafuna ndekha. Sindinafune. Ndatopa nawo, ndatopa nanu, ndipo masiku ena ndikamawasambitsa ndimalakalaka atagona osadzukanso. Kanenenitu zimenezo kwa amayi. Ndikuperekezani, njira ndikuidziwa."