Matabwa Awiri a Sulemani

Pa Golomoti panalibe okala, bucha kapena malo ometera pamene dzanja la Edna silinadutsepo. Ng'ombe yonenepa ya pakhoma la bucha anajambula ndi iye, mitu ya anyamata ometa mwamakono ija ndi iye, ngakhalenso botolo la mankhwala a mpunga limene alimi a ku Bwanje ankaloza akafuna kugula. Burashi anaphunzira kugwira ku Mua akadali mtsikana, kwa amalume ake osema ziboliboli. Amuna ake, a Damiano, ankalima mpunga ndi kuimba besi mu kwaya, ndipo anali atazolowera kale fungo la penti m'nyumba.

Tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, Sulemani anafika pakhomo pawo akukankha njinga, atamangirirapo matabwa awiri aatali okutidwa ndi pulasitiki yakuda. Sulemaniyu anali wa banja la asodzi a ku Mtakataka, koma anakhala zaka zambiri ku Joni. Anabwerako mwakachetechete, wopanda galimoto, wopanda malata, n'kuchita lendi kanyumba kuseri kwa msika. Mawindo onse anatseka ndi makatoni.

"Mayi a Tadala, ndamva kuti pano wodziwa penti ndinu," anatero, maso ali uku ndi uku. "Tingalowetse m'nyumba?"

"Ine ndimagwirira ntchito pakhonde, achimwene. M'nyumba muli mdima."

"Izi si zapakhonde."

Anagwirizana zopita kuseri, m'chisakasa chimene a Damiano ankasungamo makasu. Sulemani atachotsa pulasitiki, Edna anaona matabwa ofanana ngati mapasa, otalika ngati munthu wamkulu, odulidwa mokhota chakumtunda.

"Ndi mbali za bokosi," anatero Sulemani.

"Bokosi lanji?"

"Mudzaona likatha."

Kenako anatulutsa foni. Pa chithunzi choyamba panali mafupa okhaokha a munthu, chigaza chikuseka, ataima pa kathabwa ka mateyala anayi, moto ukutuluka kumbuyo. Kuseri kwa mafupawo kunali dzuwa lalikulu lodulidwa mizeremizere, ya chikasu, ya olenji ndi yofiira.

"Kathabwa aka amati siketibodi. Anyamata a kunja amakwerapo n'kumathamanga mumsewu. Zojambula zake ndi zachikale, za m'ma 1980, ndipo ndikufuna zioneke zakale chomwechi. Koma asaone munthu. Makamaka Laisoni wa vidiyo sho uja."

Edna anafuna kukana. Mtima wake unamuuza kuti munthu wabwinobwino safuna chigaza pa bokosi lotalika ngati munthu. Koma maso ake anali pa mizere ija, mmene chikasu chinkalowera mu olenji, mmene motowo unapindikira ngati mchira wa tambala. Chibadwire anali asanajambulepo chinthu chothamanga. Anavomera, mtima uli m'mwamba.

A Damiano atabwera kumunda anapita kukasiya khasu, ndipo anatuluka m'chisakasamo nkhope itagwa. Anali ataona chigaza chimene Edna analemba ndi choko pa thabwa limodzi.

"Amayi a Tadala, tafotokozani."

Edna anafotokoza zochepa zimene ankadziwa.

"Ndiye inu simukuona? Munthu wabwera ku Joni chimanjamanja. Kwawo kunyanja sakukhalako. Mawindo watseka. Lero akufuna mafupa a munthu pa bokosi, n'kusankha nyumba ya munthu wa kwaya kuti abisemo. Bwanji sanapite kwa ojambula a ku Salima?"

Funso limenelo linamukhala Edna pamtima. Anayamba kudzera kuseri kwa msika ngakhale kunalibe chokagula. Kuchokera m'kanyumba kaja ankamva timaphokoso tachilendo, tii-tii, piyu-piyu, ngati anapiye a chitsulo. Waya wakuda unkatsika padenga n'kulowera pansi pa chitseko. Atafunsa wa hadiweya mochenjera, anamva kuti Sulemani wagula mahinjesi, misomali ing'onoing'ono ndi loko wamkulu.

Ntchito nayo inamukanika. Chigaza sichinavute, koma miyendo. Akajambula mapazi oyang'ana kutsogolo, munthuyo ankaoneka ngati waima pamzere wa kuchigayo. Akawatembenuza, ankaoneka ngati akugwa. Anafufuta kambirimbiri mpaka nsalu yonse inayera ndi choko.

Lachisanu Edna atapita kukagula tomato, mayi Bertha, amene ankamugulitsa masiku onse, anamupatsa mulu wake osaikapo banyira.

"Tamva kuti mwapeza bwana watsopano," anatero mayiwo osamuyang'ana. "Mwana wa mchemwali wanga ali kuchipatala ku Mua. Akuti magazi achepa m'thupi. Amagona nyumba yachitatu kuchokera kwa bwana wanuyo."

"Nyengo ino malungo ndi ambiri, mayi."

"Eya, malungo. Nanga makina olira aja ndi a chiyani? Nanga mafupa amene mukujambula?"

Edna anatenga tomato wake n'kuchokapo. Ankadziwa kumene nkhani zopopa magazi zimathera. Zimayamba ndi manong'onong'o pamsika, zimatha ndi miyala, ndipo miyalayo sisankha pakati pa mwini makina ndi womujambulira. Koma za mafupa anawauza ndani? Chisakasa chinali chotseka. Pobwerera anayamba kuganizira aliyense: woyandikana nawo amene anabwereka mpeni, wa hadiweya, ngakhale amuna ake omwe. Atawapanikiza, a Damiano anayang'ana pansi.

"Ndinangopempha nzeru kwa mnzanga mmodzi wa kwaya. Mmodzi yekha."

Edna asanayankhe, Sulemani anatulukira pakhomo ali wefuwefu, osapereka ndi moni womwe.

"Mwauza ndani? Laisoni wandiimitsa panjira, akufunsa za bokosi langa. Ndinadziwa ine! Mwagwirizana naye kuti apange lake ine ndisanamalize."

"Laisoni ndiye mukumuopa?" anatero Edna. "Achimwene, msika wonse ukunena kuti mumapopa magazi a ana."

Sulemani anakhala pa chitsa, manja ali pamutu. Edna anamuyang'anitsitsa kuti aone ngati akunamizira, koma manthawo anali enieni.

"Ndinaonapo gulu la anthu likubwera pakhomo," anatero Sulemani chapansipansi. "Ku Joni. Sindinaganize kuti kwathu kuno..."

"Tiyeni mukatisonyeze. Panopa. Apo ayi, nyamulani matabwa anu," anatero Edna.

Anapita onse atatu, anthu akuwasuzumira m'makonde. M'kanyumbamo munali kutentha ndi fungo la guluu. Pakati panaima chinthu chonga kabati yopanda mbali. Chakumtunda chinali ndi sikirini ya kompyuta yakale, m'munsi mwake mabatani ofiira ndi kandodo kokhala ndi mutu wozungulira, ndipo mkati munali sipika ya m'galimoto ndi mawaya ambirimbiri. Sulemani anadina batani. Timaphokoso tija tinayamba, ndipo pa sikirini panaoneka kamunthu kakuthamanga pa kathabwa, kakulumpha migolo.

"Ndi gemu basi," anatero. "Ku Kepetauni ndinkagwira ntchito kwa mkulu wina wokonza makina otere. Shopu itatsekedwa anandipatsa zotsalatsala. Anzanga anabwera ndi magalimoto, ine ndinabwera ndi mabatani. Ndinaganiza kuti chikakanika anthu andiseka, chikatheka ena andibera nzeru. Ndiye ndinatseka mawindo."

A Damiano sanakhutire msanga. Anazungulira kuseri kwa makinawo, n'kugwada, n'kutsata waya uliwonse ndi chala mpaka pothera. Anasuzumira pansi pa bedi, anavundukula ndowa, ananunkhiza botolo limene linali pakona, n'kupeza kuti ndi la palafini.

"Nanga chigazacho?"

"Ndi sitayelo chabe, bambo. Kumeneko palibe amene amachiopa."

"Kuno si kumeneko," anatero Edna. "Chigaza sindijambula. Ntchito ndigwirira pakhonde, aliyense wodutsa aziona. Makatoni awa achoke lero. Ndipo kathabwa kenikeniko ngati muli nako, ndikufuna ndione mmene munthu amaimira, chifukwa miyendo yandikanika."

Kathabwako kanalipo, kokulungidwa m'bulangete pamwamba pa zovala. Kanali koperepeseka m'mphepete, mateyala ake achikasu ngati mano a wosuta fodya.

Tsiku la msika, Sulemani anakatulutsa. Anasankha pamene msewu wochokera ku Dedza umatsikira pang'ono usanakumane ndi msewu waukulu. Anthu anasonkhana, koma patali. Akabaza anaimitsa njinga zawo, amayi anagwira ana awo padzanja, ndipo Edna anaona amuna awiri atabisa manja kumbuyo. Sanafune kudziwa chimene anagwira.

Sulemani anaponda kathabwa ndi mwendo umodzi, n'kukankha pansi ndi winawo, kenako anakwera. Apo ndi pamene Edna anaona chimene chinkamusowa. Munthuyo sayang'ana kutsogolo ndi thupi lonse. Amaima chammbali, mawondo opinda, phewa limodzi likutsogolera, manja otambasula ngati wowoloka mtsinje pa mtengo umodzi. Mateyala analira pa phula, shati inakupiza. Wina ananong'ona kuti palibe injini, nanga chikumuyendetsa n'chiyani.

Ndiye kunatulukira mbuzi. Inali ya munthu wina amene ankaikokera kumsika, ndipo inadula chingwe n'kudumphira pamsewu. Sulemani anayesa kuikhotera. Kathabwa kanapita kwake, iye kwake, n'kukagwera m'ngalande miyendo ili m'mwamba. Mbuzi inaima, n'kumuyang'ana, n'kulira kamodzi.

Woyamba kuseka anali mayi Bertha. Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Ameneyu ndiye timamuopa uja? Wogwetsedwa ndi mbuzi?"

Chiseko chinafalikira msika wonse. Amuna awiri aja ndi amene anatsikira m'ngalande kukamunyamula, manja awo ali opanda kanthu. Dzanja lamanzere la Sulemani linali litathyoka, ndipo wa njinga yamoto anathamanga naye ku Mua, a Damiano atakhala kumbuyo kumugwirizira.

Edna anatulutsa matabwa aja n'kuwatsamiritsa pakhonde. Pa loyamba anajambula msewu wa Khwekhwerere ukupindikapindika kutsika phiri, mnyamata wa kapusi atapinda mawondo pa kathabwa, fumbi likusanduka moto kumbuyo kwake, ndipo pansi penipeni mlambe ndi minda ya mpunga. Dzuwa la mizeremizere analisiya mmene linalili pa foni paja, chifukwa ndi limene linamukopa. Pa lachiwiri, pamene panali chigaza, anaikapo mbuzi itakwera siketibodi, ndevu zikuuluka.

Odutsa ankaima n'kumafunsa, ndipo iye ankayankha aliyense. Penti itauma anatenga sandipepa n'kuyamba kupalapala m'mphepete, kenako anapaka vanishi wosakaniza ndi penti yofiirira pang'ono kuti zioneke ngati zakhalitsa padzuwa. Apo mafunso anayambiranso. Munthu angawononge bwanji penti yatsopano ndi manja ake? Akufufuta chiyani? Edna anangoti mwini wake akufuna zooneka zakale, koma anaona kuti si onse amene anakhulupirira.

Sulemani anabwerako dzanja lili m'chikhakha. Ataona mbuzi ija pa thabwa anaseka koyamba chibwerere ku Joni. A Damiano ndi amene anakhoma misomali, iye akungoloza ndi dzanja labwinolo. Makinawo anawaika pakhonde la malo ometera a Hopeson, poyera, moyang'ana msewu. Mwana wa mchemwali wa mayi Bertha anali atachira malungo, ndipo anali m'gulu la oyamba kugwira kandodo kaja. Komabe panali makolo ena amene analetsa ana awo kufikako, ndipo ena podutsa ankawolokera tsidya lina la msewu.

Patapita masiku, Hopeson anabwera kwa Edna ndi dandaulo. Mkulu wina, a Bernard, amene ankameta kwa iye kuyambira kale, anasiya kubwera. Ankati akakhala pampando maso a mbuzi ija amawatsatira, akasunthira kumanzere ali pa iwo, akasunthira kumanja ali pa iwo, ndipo chinthu chotero sichingakhale penti chabe. Anali atayamba kale kuuzako anzawo a pabawo.

Edna sanatsutse. Anatenga kabotolo ka penti yakuda ndi burashi yaing'ono, n'kupita. Ana anamupatsa malo, gemu ikulirabe, ndipo iye anagwada n'kuiveka mbuziyo magalasi akuda a dzuwa, aakulu, okhala ndi kamzere koyera pakona. Sulemani anapendeketsa mutu n'kunena kuti tsopano ndiye yafanana ndi za m'ma 1980 zenizeni. A Bernard anaitanidwa. Anaima kumanzere, anaima kumanja, anawerama n'kuyang'ana chapansi. Kenako anavula chipewa, n'kukhala pampando, n'kuuza Hopeson kuti amete pang'ono chabe m'mbali.