Kamera ya Kuchipinda kwa Amayi

"Unkaiphimba ndiwe," anatero Agostinho, akuloza mlongo wake ndi telefoni.

Odete anapitiriza kupinda mphasa za anamfedwa. Amayi awo, a Balbina, anali atangoikidwa dzana, atagwa m'chipinda chawo ku Matundo nathyoka chiuno. Agostinho, bwana wa ku Maputo, anawapachikira kamera pamwamba pa chitseko kuti aziwaona ali ku ofesi. Ankailipira mwezi ndi mwezi, ndipo ankaonetsetsa kuti m'bale aliyense akudziwa zimenezo.

"Ndikatsegula masana, mdima wokhawokha. Unkabisa chiyani? Malume, ameneyu atuluke m'nyumba muno."

A Arlindo, alongo awo a malemu, amene anabwera kuchokera ku Angónia, anakanda chibwano. "Odete, yankha."

Odete anapsa mtima. Iye ndiye ankawasambitsa amayi, kuwatembenuza, kuwachapira. Zimene zinachitika m'mawa umene amayi anagwa ankazidziwa, koma anazisunga pomumvera chisoni mlongo wakeyo. Chisonicho chinathera pomwepo.

"Achimwene, si paja munati chinthu chanucho chimasunga zonse? Tsegulani za tsiku limenelo. Aone onse. Sindichoka muno."

Agostinho anali asanayerekeze kuziona. Anafufuza pa telefoni mpaka anazipeza. Onse anaunjirira.

A Balbina anaoneka atakhala pabedi, dzuwa likulowa pazenera. Anamanga duku bwinobwino, nayang'ana m'kameramo.

"Wadzuka, Agostinho? Ine ndadzuka. Wandiona, basi. Koma wakula iwe, kuchipinda kwa amako sulowa. Ndikufuna kuvala."

"Amayi anandiletsa kuigwira," anatero Odete. "Ankati mudzandinena. Ndinapita kukawatenthetsera madzi."

Pa telefonipo gogoyo anadzuka ndi ndodo yake, nayamba kukoka mpando kulowera kuchitseko, pang'onopang'ono, akupumira m'njira. Agostinho anafuna kuzimitsa, koma malume anamugwira dzanja.

A Balbina anatsamiritsa ndodo kukhoma. Anakweza phazi limodzi pampando, kenako linalo, chitenje chili paphewa. Nkhope yawo inadzaza telefoni yonse, thukuta lili pamphumi. Anapukuta kaye fumbi pagalasi ndi nsonga ya chitenjecho, kuti chinthu cha mwana wawo chisaonongeke, kenaka anachiphimba.