Migolo ya Malemu

Mwamuna wake adamusiyira migolo iwiri yadzimbiri, fosholo yothyoka ndi lamulo limodzi: mtengo wakuseri kwa mpanda ukayoyola masamba, mvula yatha, yanika zitsononkho padenga. Malemuwo ali moyo lamuloli silidaname. Zaka zino mtengo umayoyola, mvula n'kubwerera kudzaona ngati patsala chonyowetsa. Nthawi yodzala ndiye kumwamba kuli gwa.

Pamsewupo ankamutcha Wamakala, koma ake sanali makala ophikira. Ankatola zitsononkho za chimanga ndi makoko a mtedza zomwe alimi ataya, kuziumitsa, kuzitsekera mumgolo n'kuotcha mphepo osalowa. Kenako ankaziviika m'madzi a phulusa n'kuzibwezera pamoto waukali, mpaka khala lililonse litachita timabowo tosaoneka ndi maso, togwira litsiro la m'madzi. Wogula anali mmodzi yekha, bambo wopanga zosefera madzi, ndipo katundu wapitawo adamukana kuti adalowa mumgolo ndi chinyezi.

Bwalo lomwe padali migoloyo linali la alamu ake, akulu a malemu. Iwo ankafuna malowo kuti aziimikapo njinga zamoto.

"Mlamu, akakananso uyu, zitini zanuzi zichoke," adatero. "Utsi wokhawokha. Akazi anga zovala zikununkha ngati tapsa nyumba."

"Mng'ono wanu ali moyo utsiwu sumakununkhirani."

"Nthawi imeneyo mvula inali ndi ulemu."

Wamakala adadikira mtengo. Utayoyola mpaka tsamba lomaliza adakwera padenga, mayi wamkulu ndi mawondo ake olira, n'kuyala zitsononkho pamalata ponse. Kumwamba kunali mbee. Adatenga thumba kupita kukatola makoko kuchigayo. Ali komweko kudada, ndipo mvula idagwa ngati wina wagubuduza beseni. Adathamanga thumba lili pamutu, patapata mmodzi n'kutsalira m'matope. Pofika adapeza zitsononkho zikuyandama m'ngalande ngati tiana ta bakha.

Adazitola chimodzichimodzi akutukwana mtengo, mitambo, ndi malemu omwe. Adaziyala m'chipinda, pansi pa bedi, pampando, ngakhale pashelefu ya mbale. Dzuwa silidatuluke sabata yonse. Zina zidachita chuku. Wogula anali pafupi kubwera, tsono adaziotcha choncho. Utsi udatuluka woyera, wolemera, wosafuna kukwera. Iye adaudziwa utsi umenewo kuti ndi wa chinyezi, komabe adapitiriza kusonkhezera. Akadatani?

Bambo wa zosefera adafika m'mawa ndi kabotolo kake ka madzi othira utoto wabuluu. Alamu adatulutsa mpando n'kukhala pakhonde ngati abwera kudzaonera mpira.

"Mayi, mukudziwa kale. Makalawa akakhala abwino, madziwa ayera."

"Thirani, musandiphunzitse ntchito."

Bamboyo adasinja khala limodzi, kuthira ufa wake m'botolo, kukhutchumula, n'kuliimika pamwamba pa mgolo. Onse atatu adaliyang'ana. Ufa udatsika pang'onopang'ono. Madzi adatsala abuluu, ongozimiririka pang'ono ngati malaya ochapidwachapidwa.

"Khutchumulaninso. Manja anuwo ndi aulesi."

Adakhutchumulanso. Kenako adathyola khala lina n'kumuonetsa mkati. Munali mofiirira, mosapsa.

"Si inu nokha, mayi. Onse ondipangira akulira zomwezi. Koma ine ndikaika amenewa, ana a anthu amwa zoipa."

"Ndiye ndiyanike liti? Ndiuzeni inuyo mwezi wake."

Bamboyo adayang'ana kumwamba, n'kutseka kabotolo kake.

"Mukadakhala ndi shedi ya pulasitiki..."

"Ndiimange pati? Pamutu pa alamuwa?"

Alamu adaseka pang'ono n'kusiya msanga. Wogula atapita, alamuwo adadzuka, kupinda manja a malaya. Sadalankhule mwamwano, ndipo chimenecho ndicho chidamupweteka kwambiri Wamakala. Akadatukwana, iye akadawabwezera.

"Tidagwirizana, mlamu."

Mgolo woyamba adaugubuduzira kunja kwa mpanda, makala akukhuthukira m'matope. Wachiwiri adaukokera kukona ya nyumba n'kuuimika pansi pa malata.

"Uwu ukhale apa. Uzikhongozela madzi, poti mvula sikutha."

Wamakala adafuna kunena kuti mgolowo uli ndi mabowo pansi, malemu adauboola okha ndi msomali kuti moto uzipuma. M'malo mwake adatola fosholo yothyoka ija n'kuima nayo pakati pa bwalo, osadziwa koti aiike. Kuseri kwa mpanda mtengo udali mbulanda, ukunenabe kuti mvula yatha. Madontho oyamba adayamba kulira mumgolo.