Mpando wa Winifred

M'chaka cha 1986 Imelda Zulu ankagwira ntchito yolumikiza matelefoni pa kampani ina pafupi ndi Cairo Road. Anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Pa makinawo ankakhalapo awiri, iye ndi mnzake Winifred Banda, zaka khumi ndi zitatu mapewa akugundana. Lachiwiri lina m'mwezi wa Malichi, Winifred anangoti, "Dikilani pang'ono, bwana," n'kugwetsa mutu pa tebulo. Anamwalira asanafike naye kuchipatala.

Pa mpando wake sanaikepo munthu. A Chibesa, mkulu wa ofesi, anati kampani yayamba yaima kulemba anthu. Choncho Imelda ankayankha mafoni a anthu awiri.

Kunyumba ku Kabwata nakonso kunalibe popumira. Ankalawirira pa mzere wa ufa kapena wa mafuta ophikira, kenako n'kuthamangira basi. Madzulo ankasambitsa apongozi ake odwala amene anachokera ku Katete. Loweruka kunali msonkhano wa amayi a chipani, ndipo wojomba ankafunsidwa. Lamlungu akatuluka m'tchalitchi ankayendera odwala. Nsima ankadya choimirira.

Mutu unayamba kumuwawa kunkhongo, ngati wasenza mtolo wosatula. Kawiri anatuluka magazi m'mphuno ali pa ntchito. Koma chimene chinkamuopsa n'china. Nthawi ya nkhomaliro, foni ikaduka, ankamva mawu chapansipansi m'khutu: "Iwe Imelda, wadya?" Winifred ndiye ankamufunsa choncho masana alionse. Imelda ankacheukira pa mpando uja, n'kupeza juzi ya malemuyo ikadali chikolekere, poti panalibe amene analimba mtima kuichotsa.

Tsiku lina mu Julayi anatsika basi, naima pa siteji osadziwa kuti kwake n'kuti. Nyumba za m'Kabwata zinangofanana zonse. Mwamuna wake, Petros, anamupeza atakhala pa mwala, dzanja lamanzere lili dzanzi.

"Amake Febby, muchita chani apa?"

"Niyembekeza nikumbukile njila," anayankha.

Ku kiliniki namwino anamuyeza magazi kawiri, n'kuitana mnzake kuti adzaone.

"Amai, magazi anu athamanga koopsa. Mufuna kugwela mu njila? Masabata awili muli gone, osagwila kanthu."

Kugona kunamukanika. Tsiku loyamba anachapa makatani oyera kale. Lachiwiri anapezeka akupeta mpunga umene Febby, mwana wake wamkulu, anali atapeta. Akakhala chete mtima unkagunda ngati wachedwa kwinakwake. Tsiku lachitatu anakwera basi ya ku Chelstone kukaona Betty, mng'ono wa Winifred, amene anatsala ndi ana a malemuyo.

Atacheza pang'ono, Betty anatulutsa chikwama cha Winifred chimene a ku ofesi anabweza.

"Ba Imelda, onani vamene ninapeza. Sininauze munthu."

Munali kabotolo ka mapiritsi kosatsegula ndi kapepala ka ku kiliniki. Kanali kolamula Winifred kupuma masabata awiri. Deti lake linali la masiku asanu ndi limodzi asanamwalire.

Imelda anakumbukira tsikulo bwinobwino. Winifred anabwera mochedwa, nakhala pansi, n'kunena, "Mwana wa amai, ungakwanitse weka masiku ang'ono?" Mafoni anali akulira mbali zonse chifukwa cha msonkhano wa akuluakulu a kampani. Imelda, osamuyang'ana n'komwe, anayankha kuti, "Osati manje, iwe. Msonkhano uyambe wapita."

Winifred sanaibwerezenso nkhaniyo.

"Anakambapo kanthu kuli imwe?" anafunsa Betty.

Imelda anayang'ana kapepalako nthawi yaitali. "Anakamba," anatero. "Ine sininamvele."

Betty anapinda kapepalako, nakabwezera m'chikwama, kenako anaperekeza Imelda mpaka pa siteji.

Masiku otsalawo Imelda anawathera pa mphasa kuseri kwa nyumba, akumwa mapiritsi ake m'mawa uliwonse. Amayi a chipani atabwera kudzamufunsa, Petros anawabwezera pa geti. Atabwerera ku ntchito anauza a Chibesa kuti azigwira mbali yake yokha ya makina. Iwo anakalipa, mafoni analira osayankhidwa kwa miyezi itatu, kenaka analemba mayi wina wa ku Lilayi.

Dzanja lamanzere silinabwererenso mphamvu. Kapu ya tiyi ankainyamula ndi manja awiri. Anagwira ntchito zaka zina zisanu ndi chimodzi, ndipo mwezi uliwonse ankapita ku Chelstone kukaona ana aja. Betty ankamulandira bwino, ankamuphikira, koma sankakhala naye pansi nthawi yaitali.