Mbalame ya a Gildardo Imaonekera Pakhonde

Yamile ankafuna chinthu chimodzi: chithunzi chake chipachikidwe pa chionetsero chimene tauni ya Quimbaya imakonza chikondwerero cha nyali chikatha, dzina lake lili m'munsi. Okonza chionetserocho anali atanena kuti chithunzi chikaonetsa nyali za munthu, mwini wake ayambe wavomera. Tsoka lake, mwini nyali za mumsewu wawo anali amalume ake, a Gildardo.

Madzulo a pa 7 Disembala msewu uliwonse umayala pansi nyali zamapepala, kandulo m'kati, oweruza n'kumayenda kusankha msewu wopambana. Chaka chimenecho a Gildardo anakonza mbalame ya mchira wautali, kuyambira pa sitolo ya buledi mpaka pangodya ya tchalitchi. Anthu a mumsewumo ndiwo anadula mapepala, kumata ndi kuyatsa. A Gildardo eni ake anali pakhonde la m'mwamba la nyumba yawo yosanja, akuloza ndi ndodo.

Dzuwa litangolowa, Yamile anagwada pamsewu, kamera itatsala pang'ono kukhudza phula, n'kujambula. Podzuka anapeza amalume ake ataima kumbuyo kwake.

"Zithunzizo zikupita kuti, iwe Yamile?"

"Kuchionetsero, amalume. Inu mungoti eya basi."

"Ayi."

"Simunachione n'komwe."

"Ndichionerenji? Mbalameyi yatuluka muno." Anagogoda chipewa chawo ndi chala.

"Nanga mapepala onsewa sanadule ndi mayi Nubia?"

"Sizasi ilibe mutu."

Mayi Nubia, amene ankakazinga timandasi totchedwa ma buñuelo pakhomo pawo, sanatembenuke n'komwe. "Sizasi ikumva, a Gildardo. Chaka chamawa mudzadula ndi mano."

Yamile analoza khamu la anthu, aliyense foni m'mwamba. "Awo bwanji simukuwaletsa?"

"Awo akujambula nkhope zawo. Iwe ukufuna kupachika ntchito yanga pakhoma, dzina lako m'munsi. Ku yunivesite sanakuuze kuti kumeneko ndi kuba?"

Ku yunivesite ophunzira anakangana pa nkhani yotereyi mpaka aphunzitsi kutopa. Chosema choima pamsewu chaka ndi chaka, ambiri ankati jambulani. Nanga chinthu chimene moyo wake umatha pamodzi ndi kandulo? Nanga kuwalako n'kwa ndani, wojambula pulani, woyatsa, kapena wogulitsa machesi? M'kalasi funsolo linkamusangalatsa. Apa linali litavala chipewa, ndipo linali mlongo wa mayi ake.

Mvula inabwera oweruza akadali kumisewu ina. Sinachedwe. Mbalame yonse inasanduka phala la mapepala lotsikira m'ngalande.

M'mawa mwake Yamile anali pabenchi la mayi Nubia akumwa khofi pamene a Gildardo anatulukira, chipewa chili m'manja.

"Oweruza akuti misewu imene yanyowa ibweretse zithunzi," anatero, maso ali pachiwaya. "Ndazungulira mafoni onse. Mano okhaokha, nyali ziwiri kumbuyo. Paja iwe unajambula."

"Paja ndinaba."

"Usachulutse zonena, mwana wa mlongo wanga. Tione."

Yamile anawapatsa kamera. Chithunzicho ankachinyadira: nyali zothithikana ngati mtsinje wa moto, kutsogolo dzanja la mayi Nubia litagwira machesi. A Gildardo anachiyang'ana, anatembenuza kamera, anachiyang'ananso.

"Mbalame ili kuti?"

"Ndi imeneyo."

"Mchira uli kuti? Mlomo? Mbalame yanga imaonekera pakhonde, osati pamene amaonera galu." Anabweza kamera ngati yatentha. "Izi si zanga."

Yamile anaika kapu pansi pang'onopang'ono. "Mwati bwanji, amalume?"

"Ndati si zanga. Ndipo usayerekeze kuikapo dzina langa."

"Mayi Nubia, mwamva?"

"Sizasi yamva," anatero mayi Nubia, akutembenuza ma buñuelo.

Kwa okonza chionetsero Yamile anapita ndi mboni yake. Anthuwo anakanda mitu, koma lamulo lawo linkafuna chilolezo cha mwini, ndipo mwiniyo anali atakana umwini anthu akumva. Chithunzi chinapachikidwa, dzina la Yamile m'munsi.

Msewu wawo sunapambane. Panalibe chithunzi chojambulidwa kuchokera pakhonde, chifukwa a Gildardo sanalole munthu wa foni kukwerako, kuopa kuti misewu ina ingawabere mbalame. Mpaka Khrisimasi sanamupatse moni Yamile.

Tsiku lotsegulira chionetsero iye anaima pambali pa chithunzi chake, atavala diresi yatsopano. Anthu a mumsewu wawo ankabwera, kuyang'ana, kupendeketsa mutu.

"N'chokongola ndithu, mwanawe," ankatero mmodzi ndi mmodzi. "Koma mbalame ija ili kuti?"