Mbava Singatsike Kumwamba

Firmin Gaubert ankadikira kunyongedwa chifukwa chopha gwape m'nkhalango ya bwana Valsorgue, mwini malo onse a m'chigwamo. Mwayi wake unabwera ndi Aubanel, wosoka maambulera, amene anasoka chiambulera chachikulu ngati denga la khola n'kumalumbira kuti munthu atha kudumpha nacho kuchokera m'baluni youluka m'mwamba osathyoka ngakhale chala. Mwiniwakeyo kudumpha ankakana, ati ali ndi ana. Woweruza sanavutike: adumphe Firmin, akafika pansi wamoyo azipita kwawo.

Firmin anavomera woweruza asanatseke n'komwe pakamwa. Papsa tonola, sudziwa mtima wa moto.

Patsikulo bwalo linadzaza. Udzu ukuyaka, baluni ikufufuma ndi utsi, Firmin anali atamangidwa kale zingwe m'khwapa, mwendo umodzi uli m'dengu la baluniyo, pamene bwana Valsorgue anadzambatuka pampando.

"Taimani! Mukufuna zidzukulu zathu zidzamve kuti woyamba kutsika kumwamba m'dziko muno anali mbava? Ulemu umenewu ndi wa anthu obadwa bwino."

Akuluakulu onse anagwedeza mitu kuvomereza.

"Mwanena zoona, bwana," anatero Firmin. "Yambani ndinu. Ine ndibwera pambuyo, dzina langa musalitchule n'komwe."

"Khala chete, mbava iwe! Ine msana wandivuta sabata ino."

Obadwa bwino enawo, wina chifuwa chinamuyamba pompo, wina anapeza chodabwitsa pansapato yake. Anakangana mpaka udzu kutsala pang'ono kutha, kenaka anagwirizana: adumphe kagalu ka bwana Valsorgue, poti makolo ake ankadziwika bwino kuposa a Firmin.

Anamumasula zingwe n'kumubwezera unyolo. Aubanel anamangirira kagaluko kuchiambulera n'kukwera nako m'baluni, ndipo itauluka kupitirira nsanja ya tchalitchi anakaponya.

Firmin, amene sanafunirepo galu choipa, anapemphera ndi mtima wonse kuti kanyenyeke, kuti mwina chingwe cha wonyonga chimuonekere chabwinoko. Koma chiambulera chinatambasuka. Kagaluko kanatsika pang'onopang'ono, kanatera m'munda wa kabichi, kanadzikutumula, n'kukweza mwendo pampanda. Anthu anakuwa ndi chimwemwe, madona akupukuta misozi, ndipo akuluakulu anathamangira kukagwira chanza bwana Valsorgue chifukwa cha kulimba mtima kwa banja lake.

"Waonatu?" anatero msilikali akukoka unyolo. "Chikugwira ntchito chinthuchi. Ukanapulumuka iwe. Tiye."