Kabuku Katsopano ka Dolika

Mvula ya 1994 ili pakati, Dolika anatha masiku anayi thupi likutentha, akupuma mobanika. Mayi ake, Yosefina, anali atapita naye kale kukachipatala ka kwawo, kwa a Sisita Rosina, namwino amene anamulandira mwanayo tsiku lobadwa. A Sisita anapereka mapiritsi a malungo nati abwerenso Lachinayi.

Koma Yosefina anali mtengwa m'mudzi wa Angoni, mwamuna wake ali kutali kumigodi. Mawu pa mwanayo anali m'kamwa mwa apongozi ake aamuna, a Miti.

"Namwino ndi namwino basi," a Miti anauza akazi awo pabwalo, mokweza kuti Yosefina amve. "Ntchito yake n'kupachika makanda pasikelo. Dokotala weniweni ali ku Chipata."

Masiku amenewo wodwala aliyense ankasunga kabuku kake, kope la kusukulu lodula pakati, momwe achipatala ankalembamo. A Miti anatenga ka Dolika nakasomeka kutsindwi, n'kugula katsopano pagolosale. "Dokotala akaona zolemba za namwino amangolondola momwemo," anatero. "Akayambe yekha papepala loyera."

Yosefina sankadziwa kuwerenga, koma zilembo zofiira za pachikuto cha kabuku kakaleko ankazidziwa. A Sisita anazilemba chaka chatha, tsiku lomwe Dolika anabayidwa penisilini n'kutupa maso ndi milomo, mpweya n'kutsala pang'ono kuthawa. Anati mankhwala amenewo akadzalowanso m'thupi mwake akhoza kumupha.

Yosefina ananong'oneza apongozi ake aakazi za zilembo zofiirazo. "Mwanawe, bambo ako anena kale," anayankha, maso ali pansi. Ndipo mtengwa salankhula ndi apongozi aamuna maso ndi maso, ngakhale nyumba ikupsa.

M'minibasi a Miti anakhala kutsogolo, Yosefina kumbuyo, mawondo atapanikizidwa ndi thumba la mtedza, mwana akutentha pachifuwa pake. Anayesa kung'ung'udza nyimbo ya Lachisanu Loyera, koma mawu anakana kutuluka. Anangopempha mumtima kuti Mulungu amene anatsegula ngakhale pakamwa pa bulu atsegulenso pake.

Kuchipatala chachikulu anadikira mpaka dzuwa litapendeka. Dokotala anali wachinyamata, maso ofiira ndi kutopa, mzere wa odwala utafika panja pamtengo wa mango. Anamvetsera pachifuwa pa Dolika, nagogoda kumsana ndi zala ziwiri.

"Si malungo okha," anatero. "Ndi chibayo, mbali ya kumanja."

A Miti anatsokomola mokhutira. Nayenso Yosefina anavomereza mumtima kuti munthuyu anamva chimene a Sisita sanachimve. Koma sanali kumudziwa Dolika. Sanafunse n'komwe dzina lake, anangoliwerenga pachikuto.

"Anayamba wapitapo kuchipatala? Pali mankhwala amene amamuwenga?"

"Ayi, adokotala," a Miti anayankha, chipewa chili pabondo. "Tabwera kwa inu poyamba."

Dokotala analemba mwachangu naitana namwino wake. "Penisilini, tsopano lino, kenako mukamugoneke kuwodi ya ana."

Yosefina anali atakhala pansi pafupi ndi chitseko, monga mtengwa amakhalira. Kumanja kwake kunali nsapato za apongozi, kumanzere khoma. Akalankhula, awayesa abodza bambo a mwamuna wake pamaso pa alendo, ndipo mudzi wonse udzamva. Anamva kabotolo kakutsegulidwa. Anaona madzi oyera ngati mkaka akukwera mujekeseni.

Anaweramira mwana wake, monga amachitira kumudzi akafuna kuti mawu afike kwa apongozi.

"Dolika, mayi wanga," anatero, "tauza agogo. Uwauze kuti jekeseni ameneyu ndi uja anakutupitsa nkhope chaka chatha. Uwauze kuti a Sisita analemba ndi inki yofiira."

Namwinoyo anaima, singano ili m'mwamba. Dokotala anaika pansi cholembera.

"Mayi, analemba pati? Kabukuko kali kuti?"

"Dolika," Yosefina ananong'ona, "uwauze kuti kanatsala kunyumba."

Dokotala anatembenukira kwa a Miti. "Bambo, namwino amene uja ndi maso anga kumudziko. Mwanditseka m'maso, n'kundipatsa mwana kuti ndimubaye." Anafafaniza zomwe analemba, nalemba mankhwala ena.

Kuwodi anamugoneka Dolika pabedi limodzi ndi mwana wina. Yosefina anayala chitenje pansi pambali pake. A Miti anaima kumapazi kwa bedi, osamuyang'ana mpongozi wawo. Anagwira kaphazi ka mdzukulu wawo.

"Dolika," anatero, "uchire. Ndipo uwauze amako kuti mukatuluka muno, tili ndi nkhani pabwalo."

Atapita, Yosefina anaika khutu pafupi ndi pakamwa pa mwana wake, akumvetsera mpweya ukulowa ndi kutuluka.